Ndithandizeni za Mgonero ndi kusiyana kwa mipingo iwiri ya Lutheran

Abale ndi alongo, ndabwera ndi funso limene likundisowetsa tulo. Ine ndinakulira mu CCAP, koma amuna anga ndi a Lutheran Church of Central Africa, mpingo umene anauyambitsa amishonale a ku America ku Zambia mu 1953, nkufika kuno ku Malawi mu 1963. Apongozi anga anandipatsa Katekisimu Wamng'ono wa Martin Luther, wa 1529 uja, wothothoka chikuto chifukwa chowerengedwa kwambiri. Ndimawerenga usiku ana akagona.

Pamene ndaima ndi pa Mgonero wa Ambuye. Bukuli likuti mu mkate ndi vinyo muli thupi lenileni ndi magazi enieni a Khristu. Kwathu sitinaphunzire choncho. Lamlungu anzanga akamapita kutsogolo kukalandira, ine ndimatsala pa benchi, mtima ukulakalaka. Kodi ndiyenera kumaliza kaye maphunziro a katekisimu? Nanga ubatizo wanga wa paukhanda adzaulandira?

Chinanso, mlamu wanga amapemphera ku Evangelical Lutheran Church in Malawi, umene unayamba mu 1982. Onse amatchula Luther, ndiye akusiyana pati kwenikweni? Amene munadutsamo kale m'njira imeneyi, chonde ndiunikireni.