Zotsatira: za achimwene anga otuluka kundende aja

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za achimwene, omwe chitulukireni kundende sankagona, ndipo kanthu kakang'ono basi mtima m'mwamba. Ambiri munati mapemphero, tikupitiriza. Koma tinawonjezerapo malangizo a mayi ena a ku Kawale: kukhala phee m'mamawa, kutsinzina, n'kumangomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, maganizo akathawa n'kuwabweza osadzikalipira.

Poyamba ankaseka, amati ndi masewera a anthu okhuta. Ndinawauza kuti ku India ndende ya Tihar inayamba kuphunzitsa akaidi kusinkhasinkha kotere mu 1993, nthawi imene mayi Kiran Bedi ankayang'anira ndendeyo, ndipo achimwene anayamba kumvetsera. Kupuma modekha kumachepetsa kugunda kwa mtima, thupi n'kumasuka. Pano achimwene akupeza tulo. Wina akawaputa kumsika wa Tsoka komwe akugulitsa kaunjika, amapuma kaye asanayankhe. Kwa ife a m'nyumba chimenechi n'chachikulu.

Amene mungayesere, dziwani kuti ena akatsinzina zakundende zimawabwerera. Zikatero atsegule maso, kapena azichita akuyenda. Maloto oipa sanathe ayi, ndiye tayamba kupita nawo ku St John of God, komwe amathandiza anthu ovutika maganizo, kukaonana ndi alangizi.