Kabichi wanga akufota masana, ndithandizeni

Wofunsa: Abale, tulo sindikupeza. Ndinawokera mbande 400 za kabichi kudimba mwezi wathawu, ndalama yake ya ngongole ya banki m'khonde. Pano dzuwa likangokwera akumafota ngati sindinathirire, masamba ena achita chikasu. Feteleza ndinagula modula, mbuzi za aneba zinadya mzere wonse osapepesa n'komwe, alamu anabwereka ndowa yothirira mpaka lero. Ndipopere mankhwala anji?

Bambo wa ku Ntcheu: Mayi, chofunika simunanene. Pamalopo munadzala chiyani chaka chatha? Kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi ndi banja limodzi, onani maluwa ake, onse ali ndi timasamba tinayi topingasa ngati mtanda. Matenda awonso ndi amodzi. Kuchotsa repu n'kuika kabichi si kasinthasintha ayi! Pafunika zaka zitatu za anyezi, nyemba kapena chimanga.

Mayi wa ku Dedza: Zulani umodzi muone mizu. Ikakhala yotupa ngati timbatata, ndi nthenda ya mizu yotchedwa clubroot: mizu siyikoka madzi, n'chifukwa chake amafota masana n'kudzuka madzulo. Imakonda dothi la asidi komanso lodikha madzi. Mankhwala opopera sathandiza. Otupawo muwotche, musaike pa manyowa, ndipo mudzathire layimu musanadzalenso.

Mnyamata wa ku Zomba: Tembenuzani masamba. Mukaona timbozi tobiriwira ndi timabowo tooneka ngati mawindo, poperani Bt, mankhwala achilengedwe opha mbozi, madzulo.

Bambo wa ku Ntcheu: Achimwene, mbozi zimaboola, sizifotetsa! Musawawonongetse ndalama. Ndipo mayi a ku Dedza, zaka zitatu zija sizikwana pa clubroot, imakhala m'dothi zaka zoposa 10. Komanso chikasucho chikuyambira pati? Chikayambira m'mphepete mwa tsamba n'kulowa mkati ngati chilembo V, mitsempha itada, ndi nthenda yotchedwa black rot. Imabwera ndi mbewu, imafala ndi madzi odontha pamasamba. Thirirani pansi, musalowe m'dimba masamba ali onyowa. Mbewu yosanyikidwa kale m'mankhwala muziviika m'madzi a madigiri 50 kwa mphindi 25.

Mayi wa ku Dedza: Popanda choyezera kutentha adzaphika mbewuyo, bambo. Agule yam'paketi yovomerezeka basi.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndizula mawa m'mawa. Layimuyo ndingathire pano kabichi ali m'munda?

Bambo wa ku Ntcheu: Wodwala kale sachira ndi layimu. Mayi, yankhani kaye, chaka chatha panali chiyani pamenepo?