Matenanti akuuzidwa "mukavote kwanu", buku la maphunziro likukamba za ku America zokhazokha

Nabanda (Chamama):
Anzanga ndithandizeni msanga, Loweruka ndili ndi maphunziro a mavolontiya a za chisankho ndipo mutu waima. Buku lomwe atipatsa otithandiza aja, mutu wachinayi wonse ndi Voting Rights Act, lamulo la ufulu wovota la ku America la 1965. Selma, Johnson, makhothi awo, basi. Pomwe ine vuto lomwe landigwira pakhosi lili pa esiteti ina konkuno, dzina sinditchula. Mabanja olima fodya pamenepo ambiri ndi a ku Mulanje, Phalombe ndi Mangochi, ena ana awo anabadwira pomwepo. Nthawi ya kalembera anyamata a mudzi woyandikana ankaima panjira kumawauza kuti obwera akalembetse kwawo, asatisankhire phungu kuno. Ena anabwerera panjira. Enanso ma ID awo ali mu kabati ya kapitawo, ati chikole cha ngongole ya phoso. Mayi wina wandionetsa kapepala ka ngongole kokulungidwa mu jumbo ya shuga, chiphaso chake sanachionenso chilowereni dzinja. Ndiye ndikaime pamaso pa anthu ndizikamba za Alabama? Lamulo lathu loti ndigwire ndi liti, ndipo pa esiteti ndilowa bwanji osawaputira mavuto anthuwa? Fomu ya lipoti nayo ilibe polemba za tsankho la mtundu, pali "ziwawa" ndi "zina" basi.

aPhiri (Santhe):
Siyani za ku America mayi. Nkhani apa ndi ID. Lamulo la chisankho la 2023 likufuna umboni wa NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, polembetsa, wopanda chiphaso salembedwa kaya ndi Mchewa kaya ndi Mlomwe. Bwezani ma ID, nkhani yatha.

Mwale (paralegal, Boma):
Achemwali, gwirani magawo atatu a malamulo oyendetsera dziko. Gawo 20 likuletsa tsankho la khungu, chilankhulo, chipembedzo, mtundu kapena kumene munthu anachokera. Gawo 40 ndi ufulu wovota komanso kuvota mwachinsinsi. Koma lanu lenileni ndi gawo 77: munthu wa zaka 18 akhoza kulembetsa m'dera limene amakhala, kapena limene anabadwira, kapena limene amagwira ntchito ngakhale kuchita bizinesi. Mawu oti "amagwira ntchito" aja ndiwo akutseka pakamwa onse onena kuti mukavote kwanu. Wosoka fodya m'chigafa cha ku Chamama ndi wovota wa ku Chamama. Onjezani gawo 39, Mmalawi akhoza kukhala paliponse m'dziko muno. Pa fomu chongani "zina" koma mulembe mwatsatanetsatane kuseri, tsiku, malo, mawu enieni amene ananenedwa. Mayina a odandaula musalembe pa fomu imeneyo, imadutsa m'manja mwambiri.

Aphunzitsi Gondwe (Mtunthama):
Ine ndikupemphani musautaye mutu wachinayiwo, mungoufupikitsa. Ndimauphunzitsa ana a sekondale ndipo ndi nkhani yanu yomweyo. Ku America malamulo awo analetsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu kuyambira 1870. Komabe kwa zaka pafupifupi 95 anthu akuda a kummwera kwa dzikolo ambiri sankavota. Papepala palibe pomwe panalembedwa kuti wakuda asavote. Ankangoti lemba kaye mayeso owerenga, lipira kaye msonkho, ofesi yatseka bweranso, ndipo wolimba mtima kukalembetsa ankachotsedwa ntchito kapena kuthamangitsidwa pamunda wa mwini malo. Ambiri mwa iwowo anali olima m'minda ya eni ake n'kumagawana zokolola, okhala ndi ngongole kwa mwini munda chaka ndi chaka. Mukawauza mavolontiya anu zimenezo sadzafunsa kuti Alabama ali kuti, adzaona kabati ya kapitawo ija.

Pa 7 Malichi 1965 anthu oguba pofuna ufulu wovota kuchokera ku Selma, m'dera la Alabama, anamenyedwa ndi apolisi pa mlatho wa Edmund Pettus, mmodzi wa atsogoleri awo John Lewis anaphwanyidwa mutu pamenepo. Pa 6 Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina Voting Rights Act ija. Mphamvu yake inali pawiri. Gawo 2 linaletsa njira iliyonse yosala ovota, ndipo mu 1982 analikonza kuti wodandaula asamachite kutsimikiza zomwe zili mumtima mwa wosalayo, angoonetsa zotsatira zake. Gawo 5 linkakakamiza madera a mbiri yoipa kupempha kaye chilolezo ku boma lalikulu asanasinthe chilichonse cha kavotedwe. Mu 2013 khothi lawo lalikulu pa mlandu wa Shelby County linathetsa ndondomeko yosankhira madera amenewo, gawo 5 n'kutsala lopanda mano. Phunziro loti mutengepo ndi la 1982 lija: musafunse kuti kodi wina ananena poyera kuti sitifuna Alomwe, funsani kuti pa esitetipo alembetsa angati ndipo otsalawo chawalepheretsa n'chiyani.

aPhiri (Santhe):
Aphunzitsi, mbiriyo ndi yabwino m'kalasi. Koma mayi wa kapepala mu jumbo uja mukamuuza za 1982 chiphaso chake chituluka mu kabati? Ine ndikuti ID. Mukayamba kukamba za mitundu pamsonkhano muyatsa moto womwe simungauzimitse.

Mayi a Tadala (Wimbe):
Pamenepo aPhiri mwanena zoona, pa zotchula mitundu. Zaka zapitazo kunabwera anthu ena ochokera ku tawuni ndi kamera pa esiteti ina kwathu kuno. Anasonkhanitsa matenanti pansi pa mtengo wa mango, kapitawo ali chapatali pomwepo akumva, n'kumawafunsa mmodzimmodzi kuti ndani akukuopsezani. Bambo wina wa ku Thyolo analankhula momasuka, anthu mpaka kuomba m'manja. Alendowo anakwera galimoto dzuwa lisanalowe. Sabata isanathe bamboyo anauzidwa kuti fodya wake ndi wa giledi yotsika, ngongole yaposa zokolola, anyamuke. Ndinawapeza pa siteji ndi ana atatu, mphasa, mapoto ndi nkhuku yomanga miyendo, ndalama ya basi alibe. Tinachita kusonkherana ku tchalitchi. A kamera aja foni sanayankhenso. Nabanda mwana wanga, msonkhano pa esiteti ayi. Zithunzi ayi. Kumanani nawo ku tchalitchi, ku mzikiti kapena tsiku la sikelo ya ana, awiri atatu basi. Inu madzulo mumabwerera kwanu, iwo amagona pomwepo.

Mwale (paralegal, Boma):
Chinanso, mawu oti "tenanti" samalani nawo polankhula ndi eni esiteti. Kuyambira 2021 lamulo la ntchito linaletsa utenanti, ndiye mukangowatchula amaganiza kuti mwabwera kudzawagwira, geti amatseka. Nenani kuti antchito. Za ma ID osungidwa ngati chikole, zimenezo pitani nazo ku ofesi ya zantchito paboma, osakalimbana ndi kapitawo nokha. Za anyamata oima panjira ndi za komiti yolumikizitsa zipani, MPLC, kudzera kwa DC, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC lidziwe. Zikakanika pali a Human Rights Commission. Koma musalonjeze munthu kuti mlandu uyenda msanga.

Che Jafali (Chinkhoma):
Ine ndine mmodzi wa obwerawo, ndakhala kuno chiyambire ndili mnyamata wonyamula mabelo. Musaiwale amfumu. Anyamata oima panjira aja ali ndi makolo awo ndipo makolowo ali ndi mfumu. Gulupu wina kuno tinamuyendera mwaulemu, ndi nduna zake, osatchula chipani osatchula mtundu. Tinangomufunsa kuti anthu amene amakumba nawo manda pamaliro a m'mudzi mwanu, amasonkha nawo njerwa za sukulu, ndi alendo pa voti pokha? Anakhala chete kanthawi, kenako pamaliro otsatira analengeza yekha kuti aliyense wokhala m'dera lake akalembetse. Koma si mafumu onse. Wina mukamuuza ndiye mwauza phungu amene akuopa mavoti a pa esitetiwo. Fufuzani kaye amadya ndi ndani.

aPhiri (Santhe):
Zonsezo n'zabwino, koma mfumu ikalengeza munthu alibe ID akalembetsa ndi chiyani? Ndanena kuyambira m'mawa. Chiphaso choyamba, zinazo pambuyo.

Aphunzitsi Gondwe (Mtunthama):
APhiri, palibe akukutsutsani za chiphaso. Koma amene anabwezedwa panjira aja ziphaso zinali m'matumba mwawo. Ngakhale kwathu kuno mu 1961 kunali mndandanda wapamwamba ndi wapansi wa ovota, kutengera chuma ndi maphunziro, mipando 8 kwa apamwamba, 20 kwa apansi. Zotchinga zimasintha maonekedwe, n'chifukwa chake volontiya ayenera kudziwa kuzizindikira zonse, osati chimodzi.

Nyirenda (Nkhamenya):
Poti mwatchula za America, ndinawerenga m'buku lomwelo kuti mu 1975 anawonjezera zoti madera okhala ndi anthu ambiri a zilankhulo zina azilandira zipangizo za chisankho m'chilankhulo chawo. Ife kuno ku Kaluluma agogo ambiri ndi a Chitumbuka, timapepala tonse tomwe tinalandira ulendo wathawu ndi ta Chichewa. Ndimachita kumasulira pakamwa mudzi ndi mudzi. Alipo ali ndi ta Chitumbuka totsala anditumizire pa minibasi?

Che Jafali (Chinkhoma):
Ta Chiyao nafenso tikufuna, amayi achikulire pa maesiteti Chichewa amamva koma chowerenga chimawavuta.

Mayi a Tadala (Wimbe):
Nabanda, malaya a Loweruka muonenso mtundu wake, ngakhale chitenje. Ndipo chiphaso chanu cha ntchito chikhale pakhosi, anyamata oima panjira aja sasankha.

aPhiri (Santhe):
Mukapita ku ofesi ya zantchito mundiuze tipitire limodzi, kwathunso kuli esiteti yosunga ma ID. Kodi za mafuta a njinga zamoto mwezi uno alipo wamva kanthu?

Nyirenda (Nkhamenya):
Ife sitinalandire. Timapepala tija alipo ali nato?