Botolo la blood culture likuoneka loyera koma pa plate zamera, zikutheka bwanji?

Wophunzira_lab analemba:

Moni akuluakulu nonse a mu lab. Ine ndili chaka chachiwiri, pano ndili pa attachment pa chipatala china chomwe chilibe makina a blood culture (kumeretsa magazi a wodwala m'botolo kuti tione ngati muli mabakiteriya), timagwiritsa ntchito mabotolo a manual aja ongoika mu incubator pa madigiri 37 nkumawayang'ana m'mawa uliwonse. Anatiphunzitsa kuti tiziona ngati broth, madzi a zakudya za tizilombo a m'botolomo, yachita mbuu, ngati magazi asweka nkufiiritsa botolo lonse, ngati muli thovu, kapena timibulu toyera pamwamba pa magazi akhazikika pansi aja. Nde sabata yatha kunabwera botolo la mwana wakhanda yemwe amatentha thupi kwambiri, ine kuliunika pa windo linali mbee palibe chilichonse, koma titapanga subculture, kutenga pang'ono za m'botolo nkudzala pa plate yomeretsera ya chocolate agar, mawa lake zinamera zambiri ndithu. Zimatheka bwanji zimenezi? Komanso makina timamva kuti ali ku Queens aja amaona chani chomwe diso silingaone? Zikundisowetsa mtendere, ndikaganiza kuti botolo ngati limenelo munthu utha kulemba no growth mwana ali ndi matenda m'magazi.

MadalaWaMicro anayankha:

Mwana wanga wafunsa bwino, ndipo nkhawa yakoyo ndiyoyenera. Diso limachedwa. Kuti broth ioneke mbuu pamafunika mabakiteriya pafupifupi 10 miliyoni pa mililita imodzi, ukakumbukira McFarland 0.5, muyezo wa mbuu uja timagwiritsa ntchito pa sensitivity (kuyeza mankhwala omwe tizilombo tikumva), ndi cha m'ma 150 miliyoni koma ukaiona imangooneka ngati kachifunga pang'ono basi. Nde ganiza m'botolo muli magazi kale, ma cell oyera nawo amadetsa broth, uzindikira bwanji kuti uku ndi kumera uku ndi magazi chabe.

Chinanso tizilombo timasiyana khalidwe. E. coli ndi Klebsiella savuta, zikapeza zakudya zimagawikana pa mphindi 20 zilizonse, m'mawa umapeza botolo lachita mbuu ndi thovu lomwe, olo wophunzira watsiku loyamba aona. Staph aureus amakonda kupanga timibulu tija. Koma Haemophilus influenzae ndi Neisseria meningitidis atha kumera bwinobwino botolo lili mbee ngati mmene waoneramo, ndipo ndi omwewo amagwira ana. Nchifukwa chake pa manual sitidikira kuti diso litiuze, timapanga blind subculture pakatha maola 18 mpaka 24 kaya botolo likuoneka bwanji, pa chocolate agar osati blood agar yokha chifukwa Haemophilus pa blood agar wamba samera bwino, plate nkuiika mu candle jar, chitini chotseka chomwe timayatsamo kandulo kuti muchuluke CO2. Botolo umalisunga mpaka masiku 7, ndipo usanalitaye upangenso subculture yomaliza.

Amene ndimamuopa kwambiri ine ndi pneumococcus. Ameneyu amamera msanga kenako amadziphwanya yekha, ukachedwa naye umapeza magazi asanduka akhofikhofi, pa Gram, kupaka utoto nkuyang'ana pa microscope kuja, ukuona tizidutswa tokha, pa plate zero. Wodwala ali ndi chibayo chenicheni koma iwe ulibe choti uwapatse adokotala. Botolo likangokukayikitsa usanene kuti tiona mawa, Gram ndi subculture nthawi yomweyo.

Nachisale_BT anayankha:

Madala anena zoona. Ndiwonjezere za makinazo poti ndagwirapo nawo. Makina saona tizilombo ayi, amanunkhiza mpweya womwe tikutulutsa. Pansi pa botolo la makina a BacT/ALERT pali ka sensor kobiriwira modera, mabakiteriya akamadya shuga wa mu broth amatulutsa CO2, imeneyo imalowa mu ka sensor kaja nkusintha pH, mtundu nkuyamba kupita ku yelo. Makina amaunika kapansi kameneko pa mphindi 10 zilizonse usana ndi usiku uku akugwedeza botolo, nde akaona kuti mtundu ukusintha mothamanga amaliza alamu. BACTEC, makina ena a kampani ya BD, nzofanana kungoti iyo sensor yake imawala ndi fluorescence. Masiku 5 akakwana osalira ndi negative, ndipo zambiri zenizeni zimalira mkati mwa maola 24 mpaka 48.

Koma achimwene musaganize kuti makina ndi mulungu. Poti amatsata kusintha, botolo lomwe lakhalitsa pa wodi kapena wina analiika kaye mu incubator usiku wonse, tizilombo timakhala tamera kale tafika pomwe sitikuchulukanso, makina atha osaliza. Nchifukwa chake timati lifike ku lab msanga, mkati mwa maola ochepa, ndipo lisalowe mu filiji chonde. Komanso amatha kulira pachabe, wodwala amene ma cell oyera ndi ochuluka kwambiri ngati wa leukaemia, ma cell amenewo nawo amapuma amatulutsa CO2. Nde kulira kwa makina sikuti ndi result, Gram ndi plate zomwe mukupanga kumanualko ife timapanganso chimodzimodzi.

Ku Queens ma blood culture akhala akupangidwa mosadukiza kuyambira 1998 kudzera ku bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo ndi mabotolo amenewo anaonetsa kuti non-typhoidal Salmonella ndi vuto lalikulu kwa ana ndi anthu a HIV, kenako kuyambira cha mu 2011 Salmonella Typhi yosamva mankhwala akale inakwera kwambiri mu Blantyre. Katemera wa typhoid anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2023 uja, umboni wake wina unachokera pa benchi ngati yomwe mwakhalapoyo.

Kamwendo_TB anayankha:

Kwathu ku TB nkhani yake ndi yomweyi koma yofuna kuleza mtima. Mycobacterium tuberculosis amagawikana kamodzi pa maola 15 mpaka 20, nde pa LJ slope, ya mazira yobiriwira ija, umadikira masabata atatu anayi kuti uone timakoloni touma tokhakhala, ndipo sungalembe negative asanakwane masabata 8. MGIT 960, makina omeretsera TB m'machubu a broth, ndi yachangu koma iyo siyang'ana CO2, imayang'ana oxygen. Pansi pa chubu pali silicone yokhala ndi mankhwala owala, oxygen akakhala wambiri mu broth amawatsekereza kuwala, tizilombo tikamudya oxygen uja pansi pamayamba kuwala ndipo makina amawerenga ola lililonse. Zambiri zimatuluka mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, negative ndi masiku 42.

Vuto ndi loti chilichonse chopuma chimadya oxygen. Makhololo amadutsa mkamwa momwe muli tizilombo tambirimbiri, nde olo utapanga decontamination, kupha tizilombo tina tosakhala TB, ndi mankhwala a NALC-NaOH nkuthira ma antibiotic a PANTA, zina zimapulumuka. Chubu chikalira tsiku loyamba kapena lachiwiri broth ili mbuu yonse, mtima umadziwa kale kuti si TB, TB yeniyeni imasiya broth yoyera ndi tinyenyeswa pansi. Timapanga ZN, utoto woonera TB pa microscope, kuona ngati zalukana ngati chingwe, blood agar kuona ngati kwalowa zina, kenako ka test ka MPT64 kotsimikizira kuti ndi TB. Ndipo ena amati GeneXpert, makina oyezera TB mwachangu aja, inabwera culture ndi yachani, ayi, Xpert imaona DNA olo ya tizilombo takufa, pofuna kudziwa ngati wodwala wa MDR, TB yosamva mankhwala ija, mankhwala akugwira timadalira culture basi.

Wophunzira_lab anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Ndifunsenso kamodzi, nthawi zina botolo limamera tsiku lachinayi, Gram positive cocci in clusters, coagulase negative, kutanthauza ma staph ena osati Staph aureus. Timalemba kapena ayi?

MadalaWaMicro anayankha:

Umalemba zomwe wapeza, koma uwaimbire a ku wodi mukambirane, osangotumiza pepala. Coagulase negative staph yomera mochedwa m'botolo limodzi nthawi zambiri yachokera pakhungu potenga magazi, koma kwa khanda la ku nursery kapena wodwala wa central line, kachubu kolowetsedwa mu mtsempha waukulu, itha kukhala yeniyeni, iwe wekha pa benchi sungagamule. Muziwerengera mwezi ndi mwezi kuti zotere zikutuluka zingati, zikapitirira 3 pa 100 aliwonse nde kuti kapukutidwe ka khungu ndi ka pakamwa pa botolo kakufunika kukambirana ndi manesi. Uyang'anenso magazi omwe alowa m'botolo, wamkulu ndi mamililita 8 mpaka 10, chifukwa m'magazi a wamkulu tizilombo timakhala tochepa kwambiri, mwina kamodzi pa mililita, nde akakubweretsera timadontho tiwiri botolo likhala loyera mpaka masiku 7 osati chifukwa munthu ali bwino.

Nachisale_BT anayankha:

Ndipo muike thermometer mkati mwa incubator muzilemba kutentha m'mawa ndi madzulo, makamaka masiku omwe magetsi akuzimazima. Neisseria ndi pneumococcus sapirira kuzizira, incubator ikagona yozima usiku muzilemba pa fomu kuti adokotala adziwe ndipo ngati wodwala akadali wotentha thupi atengenso magazi ena.