Wogula wa ku China akufuna mtedza, akuti msonkho palibe: ndiyambire pati?

Wamtedza: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kampani ina ya ku China ikufuna makontena awiri a mtedza wosenda. Mtengo ndi wabwino kuposa womwe ndimapeza ku South Africa. Akuti katundu wochokera ku Malawi akulowa kwawo popanda msonkho, choncho ndingopakira, ndalama adzatumiza katundu akafika. Kodi za msonkhozi n'zoona? Mtedza ndili nawo kale m'nyumba yosungira, ndipo ngongole ya kubanki ikundithamangitsa.

Ajenti wa pa Mwanza: Za msonkho sakunama, achimwene. Mtsogoleri wa China, Xi Jinping, adalengeza pa msonkhano wa China ndi mayiko a mu Africa (FOCAC) ku Beijing mu Seputembala 2024, ndipo zidayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala chaka chomwecho: mayiko osaukitsitsa omwe ali pa ubale ndi China, 33 mwa iwo a muno mu Africa, salipira msonkho wa pachipata. Malawi ali momwemo. Koma musapakire. Msonkho ndi khomo limodzi chabe, ndipo si lomwe limakanika anthu. Zaulimi zimalowa ku China pokhapokha bungwe lawo loona za pachipata, GACC, litagwirizana ndi boma la dziko lotumiza pa mbewu imeneyoyo. Mbewu iliyonse ili ndi mgwirizano wake. Wa soya sungakulowetsereni mtedza.

Wamtedza: Ndiye ndidziwa bwanji ngati mtedza wathu ndi wololedwa?

Ajenti wa pa Mwanza: Funsani mbali ziwiri. Pitani ku unduna wa zamalimidwe, kwa omwe amapereka chikalata cha umoyo wa mbewu, komanso ku MITC, bungwe la boma lolimbikitsa malonda ndi mayiko akunja. Kenako muuzeni wogulayo akutumizireni mndandanda wa GACC wosonyeza mbewuyo ndi dzina la dziko lathu. Wogula weniweni amautumiza tsiku lomwelo. Chinanso, kuyambira Januwale 2022 malo okonzera zakudya zopita ku China ayenera kukhala olembetsedwa ku GACC, ndipo nambala yake imalembedwa pa katundu. Nyumba yanu yosankhiramo mtedza ili nayo nambala imeneyo?

Wamtedza: Ayi ndithu. Sindidaimvepo.

Mayi a Soya: Ndiye mwapulumuka pofunsa, bambo. Ine chomwe chandiimitsa mutu ndi mawu akuti adzalipira katundu akafika. Kontena ikangokwera sitima ku Beira, mphamvu zonse zili kwa iye. Akadzati mtedza uli ndi chuku, mudzatsutsa bwanji muli kuno? Ine zidandionekera ndi wogula wina, osati wa ku China: katundu atafika adadula mtengo pakati, ndipo ndidavomera chifukwa kubweza kontena kukadandidyera zambiri kuposa pamenepo. Pemphani gawo la ndalama musanapakire, zotsalazo zidzere ku banki pa letter of credit, kalata yomwe banki ya wogula imalonjeza kukulipirani mukaonetsa mapepala a katundu. Akakana zonse ziwiri, musiyeni.

Za chuku musazipeputse. Malire a China pa aflatoxin B1, poizoni wochokera ku chuku, mu mtedza ndi magawo 20 pa biliyoni. Ndi omasuka poyerekeza ndi a ku Ulaya, komwe mtedza wodya anthu suyenera kupitirira 2, koma mtedza wogula kwa mavenda, uja amaunyowetsa kuti usendeke msanga, umapitirira 20 mosavuta. Ndiye uwonjezere masabata a m'kontena yotentha pa nyanja. Yezetsani ku MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo mugwirizane polemba kuti zotsatira za pa nthawi yopakira ndizo zidzagwire ntchito.

Mkulu wa Tiyi: Ana inu, ndiloleni ndipatuke pang'ono. Ine ndidalipo mu Disembala 2007 pomwe boma la Bingu lidasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing. Ndi thandizo la China taona Nyumba ya Malamulo mu 2010, taona yunivesite ya ku Ndata, taona bwalo la masewero mu 2017. Koma pa malonda, makontena amabwera odzaza n'kubwerera opepuka. Kuchotsa msonkhoku ndi yankho lawo pa dandaulo limeneli, lomwe mayiko ambiri a mu Africa akhala akulipereka. Ndipo si zachifundo chokha ayi: mu Juni 2025 mu mzinda wa Changsha ku China, boma lawo lidanena zofuna kufikitsa mwayiwu ku mayiko 53, n'kusiya Eswatini yekha, chifukwa iye adakali ndi Taiwan. Ndale ndi malonda zimadyera mbale imodzi.

Nkhawa yanga ndi ya ku Senegal. Kumeneko ogula a ku China adakokera mtedza wambiri kunja, alimi adasangalala ndi mtengo, koma mafakitale oyenga mafuta adasowa chogaya.

Mayi a Soya: Zoona agogo, koma mnzathuyu banki ikumufuna mwezi uno, za mafakitale tidzakambe tsiku lina.

Ajenti wa pa Mwanza: Ndiwonjezere ziwiri zomwe anthu amaiwala. Kuti msonkho uchotsedwe pamafunika chikalata chotsimikiza kuti mtedzawo ndi wolimidwa m'Malawi, cholembedwa pa fomu yomwe China imavomereza, osati ya SADC kapena COMESA yomwe mudazolowera. Komanso poti ife tilibe doko, sungani mapepala onse osonyeza kuti katundu adangodutsa mu Mozambique osatsegulidwa. Ndipo VAT ya ku China ikadalipo, amalipira ndi wogula. Onetsetsani kuti asakuchotsereni pa mtengo wanu.

Wamtedza: Zikomo nonse. Ndamulembera kuti anditumizire mndandanda uja, ndipo ndatchula za ndalama yoyamba. Mawa m'mawa ndikatenga zitsanzo m'matumba kupita nazo kokayezetsa. Kontena imodzi ndiigulitsa kwa kasitomala wanga wakale wa ku Johannesburg kuti ndipume ku banki. Mayi, kodi letter of credit yanu idatenga masiku angati kuti itsegulidwe?