Thandizeni abale, mphete ya dayamondi iyi ndigule kapena akufuna andidyere?

Admin ndibiseni dzina chonde. Chinkhoswe changa chili mwezi wa mawa ku Area 36, ndiye pali mkulu wina wangofika kumene kuchokera ku Joni akundigulitsa mphete, akuti mwala wake ndi dayamondi wa carat imodzi ndipo akufuna 450 pin. Tinakumana pa depoti dzulo, anatenga botolo la Fanta nkulikanda ndi mwalawo mzere unaonekadi ndi maso angawa. Koma pepala alibe, akuti linasowa pa boda. Asisi anga akuti ndiumenye ndi hamala, ukapanda kusweka ndiye olijino. Mkaziyu ndimamukonda heve, sindikufuna kukachita manyazi pamaso pa ankhoswe.

Wa matailosi ku Kawale: Hamala ayi achimwene! Dayamondi kulimba kwake ndi kwa pokanda zinthu, pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala ali pa 10, pamwamba penipeni, nchifukwa chake ma disc amene timadulira matailosi amakhala ndi tizidutswa take m'mphepete. Koma mukammenya pamalo oyenera amagamphuka bwinobwino, mutha kuswa weniweni nkumalira nokha.

Mphunzitsi wa ku Area 25: Za botolozo ndi matsenga a pa depoti. Galasi lili cha pa 5.5 basi, ndiye ngakhale quartz amene ana amatola kudambo, yemwe ali pa 7, amalikanda. Cubic zirconia ndi moissanite, miyala yooneka ngati dayamondi, nawonso amakanda galasi ndipo amanyezimira kuposa mmene mukuganizira. Mwalawo uuzireni mpweya wa mkamwa ngati mukupukuta magalasi a maso, dayamondi amataya kutentha msanga ndiye nthunzi imachoka nthawi yomweyo, pa feki imakhalitsako pang'ono. Komabe moissanite amapusitsa ngakhale timakina tina toyezera. Carat imodzi ndi 0.2 g, ndipo dayamondi wokumbidwa pansi wabwino wa saizi imeneyo amagulidwa madola masauzande. 450 pin? Mwinatu wopangidwa mu labu, nayenso ndi kaboni yemweyo koma wotchipa, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi satifiketi.

Mayi wa ku Chilinde: Mwananga, zoti chikondi ndi dayamondi anazifalitsa ndi a kampani ya dayamondi ya De Beers mu 1947 ndi mawu awo otsatsa malonda aja, "A diamond is forever". Ife pa chinkhoswe ankhoswe anapatsana tambala ndi msoti, ine ndinalandira lichero ndi mtondo, banja lilipo mpaka pano zaka 31. Gula yasiliva, zotsalazo ulipire tenti ndi mpunga.

Mwini post: Zikomo nonse. Ndamuimbira kuti tipite limodzi ku shopu ya mphete ku Old Town akayeze, wayamba zoti ali bize, kenako akuti ndingompatsa 150 pin pa Airtel Money. Panopa foni yake sikupezeka.