"Anadula mphukira" m'nkhani ya Pardes, akutanthauza chiyani?

Nambewe: Malume anditsutsa dzulo pa mawu awa koma tanthauzo sanandipatse. Ali mu Talmud, mabuku akale a aphunzitsi achiyuda, pa Chagigah 14b. Anthu anayi analowa mu Pardes, munda woimira zinsinsi zakumwamba: Ben Azzai anasuzumira n'kufa, Ben Zoma anazungulira mutu, Acher "anadula mphukira", Rabbi Akiva yekha ndiye anatuluka mumtendere. Mphukirazo n'chiyani?

A Phiri: Ndi ana asukulu, mayi. Talmud ya ku Yerusalemu imati Acher, dzina lake lenileni Elisha ben Abuya, ankalowa momwe anyamata akuphunzira Torah, chilamulo cha Mose, n'kumati uyu akhale mmisiri womanga, uyu wa matabwa, uyu wosoka. Anawo ankasiya mabuku n'kumapita.

Nachisale: Agogo akanangoti "zakudambwe saulula" n'kutseka nkhani. Mishnah, buku lakale la malamulo achiyuda, nayonso ili ndi malire otero: za chilengedwe osazifotokozera anthu awiri pamodzi, za galeta la pa Ezekieli 1 osaziuza ngakhale mmodzi, pokhapokha ali wanzeru wotha kumva yekha.

Gama: A Phiri, mwatenga mbali imodzi. Talmud ya ku Babulo imati Acher anaona mngelo Metatron atakhala pansi kumwamba, iye n'kuganiza kuti mwina maulamuliro alipo awiri. A Kabbalah, otsata chiphunzitso chachinsinsi chachiyuda, anayambira pomwepo. Iwo amati masefirot, mbali zomwe Mulungu amadzionetsera, alipo 10 koma ndi amodzi. Ukapatula yomaliza, Malkhut, n'kumaipembedza payokha, wathothola mphukira pamtengo wake. Tchimo la Adamu amalimasuliranso choncho.

A Phiri: Zohar, buku lalikulu la Kabbalah, inatulukira ku Spain m'zaka za m'ma 1200, achimwene, patapita zaka zoposa 1,000 Acher atamwalira. Mawu akale musawaveke malaya atsopano. Mphukira ndi ana.

Gama: Nanga ana asukulu ankatani mu Pardes?

Nachisale: Vuto n'lakuti achinyamata a lero akuyambira kudenga. Kaulusi kofiira pamkono, kavidiyo ka pa TikTok, basi "ndine wa Kabbalah", chilembo cha Chiheberi ngakhale chimodzi osachidziwa. Mawu akuti Shekhinah, otanthauza kukhalapo kwa Mulungu, akungowatchula ngati dzina la saluni. Pajatu lamulo linali lakuti wophunzira Kabbalah akhale atakwanitsa zaka 40.

Gama: Lamulolo si lakale monga mukuganizira, mayi. Isaac Luria, mphunzitsi wamkulu wa Kabbalah, anamwalira ku Safed mu 1572 ali ndi zaka 38. Arabi, aphunzitsi achiyuda, analikhwimitsa pambuyo pa chisokonezo cha Sabbatai Zevi, amene anthu anamutenga ngati Mesiya mu 1665, iye n'kulowa Chisilamu mu 1666. Otsatira ena anakakamirabe kuti kugwako n'chinsinsi chozama, ati anatsikira dala m'mdima kukawombola tizidutswa ta kuwala. Mu 1756 arabi anasonkhana ku Brody chifukwa cha gulu la Jacob Frank, lotsatira chiphunzitso cha Zevi, n'kugamula kuti Zohar ndi ya wazaka 30, zolemba za Luria za wazaka 40.

A Phiri: Mwandivomereza nokha. Malamulo onsewo ankatchinjiriza ndani? Ana.

Nambewe: Ndiye malume ndikawauze ziti?

Gama: Muyambe mwawafunsa kuti akuwerenga Talmud iti.

A Phiri: Iliyonse, mukawauze kuti ndi ana.